Matepi a Mlongo Wanga Fabiano

Ndinadzuka tambala asanalire, kapena ndingoti ndinadzutsa mutu, chifukwa tulo ta pa siwa si tulo. Tinagona azimayi okhaokha pabalaza m'nyumba ya mlongo wanga Fabiano, kufupi ndi Palabana, mipando ndi kabati zitatulutsidwa panja. Unali usiku wachitatu. Akwaya anali ataimba mpaka mawu kusasa, ndipo tsopano aliyense anali atapinda miyendo m'chitenje chake. Chisanu cha Julaye chinkalowera pansi pa chitseko. Phazi la munthu wina linali pamsana panga, ndipo sindinadziwe kuti ndi la ndani.

Choyamba chomwe maso anga anafuna ndi sutikesi. Inali pomwepo pakona, yabulauni, yomanga ndi lamba wa thalauza chifukwa loko wake anafa kalekale. Pamwamba pake anali ataikapo chipewa cha Fabiano ndi mbale yake yodyera. Dzulo lake amalume athu, omwe anachokera ku Katete kudzatsogolera maliro, anali atagamula kuti zinthu zitatuzi zipita naye kumanda. M'sutikesimo munali matepi, ndipo ine ndinali nditalonjeza mwini wake kuti matepiwo sadzakwiriridwa, sadzagawidwanso.

Ndifotokoze pang'ono kwa omwe sanamudziwe. Fabiano ankakonza makina okamira ng'ombe pa sukulu ya za mkaka. Anali munthu wa mpingo, wosamwa, wosasuta, koma aliyense ali ndi misala yake. Yake inali bandi ina ya anyamata a ku Migodi omwe ankaimba roko m'masiku a mathalauza otambalala kumapazi. Dzina la bandiyo ndilisiya, omwe anavina akulidziwa. Zimbale zawo zogula m'sitolo anali nazo, koma ankati imeneyo ndi nyama ya m'chitini. Iye ankafuna zomwe anyamatawo ankaimba pamaso pa anthu, m'maholo a ku Lusaka, ku Kabwe ndi ku Kitwe, mluzu ndi phokoso la ovina zili momwemo, nsambo ya gitala n'kuduka pakati pa nyimbo woimba osaleka.

Ali mnyamata ankapita kumaholoko ndi kawailesi kojambulira mawu atakabisa m'jekete, n'kukaima pafupi ndi sipika. Kenako kunabwera malamulo oletsa kuyenda usiku, zinthu zinavuta m'dziko, bandi inabalalika. Ena akanati basi, zatha. Iye m'pamene anayamba kusaka zomwe ena anajambula. Akamva kuti wogwira ntchito m'sitima wina ali ndi tepi ya ku Ndola, Loweruka ulendo, njinga mpaka mumsewu waukulu, basi mpaka uko. Tepi iliyonse ankaithyola timano take tapamwamba kuti munthu asajambulirepo zina, n'kulembapo ndi bolopeni yofiira malo, holo ndi nyimbo zake. Pobweza tepi kumbuyo ankaizunguza ndi bolopeni yomweyo pofuna kusunga mabatire, omwe nthawi imeneyo ankasowa ngati shuga. Ikaduka ankailumikiza ndi utoto wa zikhadabo wa mkazi wake, ndipo nkhondo ya m'nyumbamo inkayambira pamenepo.

Sabata yomaliza, ali gone kuchipatala ku Lusaka, anandigwira dzanja. Za ana ake aakazi awiri ananena, ndisamunamizire. Koma atatha anandikoka kuti ndiwerame.

"Matepi yanga, iwe. Asayakwirire, asayagawe. Zili mmenemo kulibe kwina. Yakapita, ndiye kuti anyamata aja sanaimbepo."

Ndinavomera msanga monga timavomerera odwala. Sindinaganize kuti ndine mkazi, wamng'ono m'banja, ndipo pa maliro mawu anga amathera kukhitchini.

Ndinadumpha miyendo ya anzanga n'kutuluka. Kum'mawa kunali kutangoyamba kuyera. Azibambo anali atazungulira chipika chomwe chinayaka masiku atatu, ena atagona chokhala, zipewa kumaso. Kuseri kwa nyumba moto unali utayatsidwa kale pa mafuwa asanu, ndipo pa mgolo wodula pakati pankawira madzi a tiyi. Ophika sanali ife ofedwa. Anali anansi athu Achibemba, azimayi a anthu ogwira ntchito m'mafamu ozungulira.

Kwa omwe si akuno, pakati pa ife akum'mawa ndi Abemba pali ubale wa nthabwala womwe timautcha chimbuya. Iwo amatinena kuti timadya mbewa, ife timawanena kuti amadya anyani, ndipo palibe amapsa mtima. Maliro akagwa kwa ife, iwo ndi omwe amaphika, amakumba manda, amatipaka ufa kumaso ndi kutiseka kuti tisalire mpaka kudwala. Akagwa kwa iwo, timabweza. Mbuya pa maliro amanena zomwe wina sanganene, amatenga chomwe wafuna, ndipo kumukalipira ndi kudzichotsa ulemu wekha. M'mawa umenewo mmodzi wa iwo anandipaka phulusa pachipumi ndisanasambe n'komwe, n'kundiuza kuti nkhope yanga yakhalako bwino.

Ndinatenga kapu ya tiyi n'kupita nayo kwa amalume. Ndinagwada patali pang'ono. Amalume athu sanali munthu wovuta, ndinene zoona. Ndi omwe anatilera atate atatisiya, ndipo Fabiano anali mwana wawo wapamtima. Ndinawafotokozera zonse, za kuchipatala, za lonjezo. Anamvetsera akupemerera tiyi wawo.

"Mwana wanga, ndakumva," anatero. "Koma chinthu chomwe munthu anachikonda chotere, ukachisiya m'nyumba, mtima wake sugona. Azidzabwera kudzachifuna. Wovutika adzakhala mkazi uyu ndi ana, ife titabwerera kwathu."

Pakamwa panga sipachedwa, anthu amandidziwa. Ndinati ife ndife Akatolika. Anandiyang'ana mofatsa n'kunena kuti iwo anabatizidwa amayi anga asanathe msinkhu. Anaonjezera kuti ngati sutikesiyo siikidwa lero, mawa pogawa zovala idzatsegulidwa, aliyense adzatengepo ziwiri zitatu. Ndinawaona m'maganizo adzukulu awo, anyamata omwe anabwera nawo kuchokera ku Katete, akutseka timabowo ta timano tija ndi selotepi, akujambulirapo rumba ya pa wailesi. Uku moto, uku madzi. Ndinatenga kapu yopanda kanthu n'kubwerera.

Munthu mmodzi yemwe akanatha kunena kuti chinthuchi chikhale anali mlamu wanga, mkazi wa Fabiano. Koma wofedwa mwamuna salankhula. Anakhala pamphasa kuchipinda, nsalu yakuda kumutu, maso pansi, ndipo mayi wina Wachibemba wa nyumba yoyandikana ndi yemwe ankamudyetsa ndi kumuperekeza panja. Komanso ndinkadziwa mtima wake pa matepiwo. Mudzi wonse unkadziwa. Ankawatcha akazi anzake. Chaka china anatulutsa sutikesiyo pakhonde mitambo itada, n'kuuza Fabiano kuti asankhe woti agone m'nyumba. Choncho sindinamufunse. Ndinadutsa pakhomo pa chipinda chake kawiri, ndipo ndinamuweruza mumtima kuti uyu akungodikira dothi ligwere pa adani ake. Ndinamukwiyira, ndikuvomera.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika. Oyamba anali apanjinga, atakulunga makutu ndi mipango. Kenako kunabwera thirakitala ya pa famu ina itakoka ngolo yodzaza azimayi akuimba, fumbi lili m'mbuyo. Anzake a Fabiano a kuntchito anafika atavala majombo oyera, atanyamula zitini ziwiri zazikulu za mkaka, ndipo tsiku limenelo ngakhale mwana wodutsa anamwa tiyi woyera. Masisitere awiri a ku Kasisi anatsika m'galimoto yaing'ono n'kulowa molunjika kwa mlamu wanga. Eni nthaka, Asoli omwe anatilandira kuno ndi kutipatsa malo kumanda kwawo, anabwera ndi nkhuni ndi maungu. Atcheyamani a chipani a dera lathu anafika ndi azimayi ovala zitenje zofanana. Ufa masiku amenewo unali wa makuponi, koma khomo lililonse linatumiza kambale, ndipo thumba linadzaza. Ndikakumbukira zimenezi mtima umakhala pansi. Mlongo wanga sanali wolemera, koma anthu anali nawo.

Cha m'ma naini kunafika bambo wina yekha pa njinga yakale. Anali wamtali, woonda, imvi zili mbuu, manja okhakhala a munthu wolima, koma atavala jekete lachikopa long'ambika m'zigongono. Anaimika njinga pa mtengo wa mango, n'kuvula chipewa. Azibambo ena a msinkhu wa Fabiano anayamba kugwedezana ndi zigongono. Ndinamva wina akunong'ona kuti uyu ndi woimba ng'oma wa bandi ija, tsopano amalima chimanga ndi tomato ku Kanakantapa. Dzina lake ndinkalimva kwa Fabiano, Ba Mwansa, koma nkhope ndinali ndisanaionepo. Atapepesa maliro, pokhala Mbemba, mbuya wathu, anatapa ufa m'lichero n'kukawaza amalume kumutu, akuwafunsa ngati abweretsako mbewa zouma kapena angobwera kudzamaliza nyemba za eni ake. Amalume anaseka koyamba chifikireni, n'kumufunsa ngati mchira wausiya panyumba.

Ine zoseka zinali kutali. Ndinapita kwa akatekisiti, omwe ankakonza buku la mapemphero pansi pa mtengo. Anati mpingo sukonda zokwirira katundu, koma nkhani za banja ndi za banja. Ndinaona pankhope pawo kuti nyimbo za magitala olira chotero sakanazifera. Nditasowa mtengo wogwira, ndinaganiza zakuba. Lole yonyamula bokosi itangomveka kumsewu, aliyense anathamangira kutsogolo, kulira kunabuka. Ine ndinalowa pabalaza, ndinaika chipewa ndi mbale pansi, ndinakweza sutikesi, n'kutulukira kukhomo lakuseri. Ndinkafuna kukailowetsa m'nkhokwe ya anansi. Ndinangoyenda mapazi khumi, n'kukumana maso ndi maso ndi azakhali athu akuchokera kothyola masamba.

"Wachita bwino, mwana wanga," anatero, misozi ili m'maso. "Unali naye pafupi. Uinyamule ndiwe mpaka kumanda."

Wakuba wina amagwidwa n'kumenyedwa. Ine ndinagwidwa n'kuthokozedwa, ndipo zinandipweteka kuposa ndodo.

Bokosi linalowa m'nyumba kanthawi kochepa kuti mwini nyumba atsanzike khomo lake. Tinaona nkhope. Anali atamuveka suti yake ya ukwati, yomwe tsopano inamukulira. Ankaoneka ngati wagona pambuyo pa ntchito. Kenako tinatulukira pabwalo, pomwe akatekisiti anatsogolera mapemphero chifukwa abambo mfumu anali kutali tsiku limenelo. Mphepo inkatembenuza masamba a buku lawo, iwo n'kumaligwira ndi chala. Mkulu wa kuntchito analankhula mwachidule, kuti makina akafa usiku Fabiano sankadikira kuti kuche, chifukwa ng'ombe siidziwa Sabata. Atcheyamani analankhula motalika ndithu, ndipo dzina la malemu linamveka koyambirira ndi kothera. Za matepi palibe anatchula. Ine ndinakhala pansi pakati pa azimayi, sutikesi itatsamira bondo langa.

Kumanda ndi ulendo wa theka la ola wapansi. Mtanda unatsogola, kenako akwaya, kenako bokosi pa mapewa a anzake, akusinthana osaimitsa ulendo. Mlamu wanga ankayenda atagwiridwa uku ndi uku. Ine ndinali m'mbuyo mwake, nkhata pamutu, sutikesi pamwamba. Inali yolemera kuposa mtolo wa nkhuni zaziwisi. Phazi lililonse ndinkamva matepi akugundana m'kati, khochokhocho, pamwamba penipeni pa mutu wanga. Tinadutsa m'minda yokolola kale, mapesi ali mbwee, mphepo ikutithira fumbi m'maso. Ng'ombe za m'khola la waya zinaimika mitu kutiyang'ana. Kumwamba kunalibe kamtambo ngakhale kamodzi, dzuwa lowala koma losatentha. Anthu omwe tinkakumana nawo ankatsika panjinga n'kuima pambali mpaka titadutsa. Ndinkaimba nawo pakamwa pokha. Mumtima ndinkangoti, Fabiano undikhululukire, ndayesa.

Manda anali atakumbidwa m'mawa womwewo ndi ambuya athu, dothi lofiira lili mulu pambali. Anatsitsa bokosi ndi zingwe, bwinobwino, osagwedeza. Anyamata awiri anatsikira m'dzenje kukalikhazika. Akatekisiti anawaza madzi odalitsa. Kenako amalume anasendera kutsogolo. Anapereka chipewa, chinatsika. Anapereka mbale, inatsika. Atatero anatembenukira kwa ine n'kutambasula manja.

Ndinkaganiza kuti pamenepo ndidzakuwa, kapena ndidzaikumbatira n'kukana. Sindinachite chilichonse. Anthu mazana anali chete akundiyang'ana, ndipo ine, wa pakamwa posachedwa uja, ndinatula sutikesi n'kuipereka ndi manja awiri. Manyazi omwe ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Amalume anaigwira pa chogwirira, anawerama, wa m'dzenje anakweza manja kuti ailandire.

Sinafike. Dzanja lalitali linatulukira pambali n'kuigwira pa lamba. Anali Ba Mwansa. Anaikoka mosafulumira ngati akutenga katundu wake pa basi, anaiika pa mulu wa dothi, n'kukhalapo, miyendo atapingasa.

"Imwe odya mbewa," anatero mokweza kuti onse amve, "mufuna kukwirira manja yanga nikali moyo? Umu muli manja yanga na mawu ya anzanga. Uyu munthu wanu sanalizepo ngakhale belu ya njinga. Anali chabe wosunga. Lelo mwine wabwera."

Anthu anayang'anana. Kenako mayi wina kumbuyo anaphulika kuseka, ambuya onse anayamba kuwomba m'manja, ndipo kuseka kunayenda m'khamu monse mpaka akwaya omwe. Ine ndinkayang'ana amalume. Ndinaona mkwiyo ukukwera pakhosi pawo, n'kufika pakamwa, n'kubwerera. Anali munthu wodziwa mwambo kuposa tonse, ndipo mwambo womwewo unawamanga manja. Koma nkhawa yawo inali yeniyeni, ndipo anainena poyera.

"Nanga akabwera kudzazifuna, iwe nyani?"

"Abwere kwa ine ku Kanakantapa," anayankha Ba Mwansa. "Njira aidziwa, anali kubwera kunivuta na mafunso akali moyo. Nizamupasa khasu, tomato ifuna kulimira."

Amalume anayang'ana m'dzenje. Kenako anapukusa mutu, ndipo ndinaona mapewa awo akutsika. Chinthu chinali chitachoka m'nyumba ya wamasiye, ndipo n'chomwe iwo ankafuna kuyambira pachiyambi. Anafunsa mwamwambo ngati alipo wa m'banja wofuna kuombola katunduyo kwa mbuya. Adzukulu awo aja anayang'anana, koma palibe anayerekeza. Ine ndinaluma mlomo n'kuyang'ana zala zanga zakumapazi.

"Tenga, wakuba iwe," anatero amalume. "Mtundu wanu ndi umenewu."

Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, akulu sananame. Tinaponya dothi, mlamu wanga poyamba, kenako ana, kenako ife. Mafosholo anayamba ntchito, akwaya akuimba nyimbo yotsanzika. Apa m'pamene ndinalira bwinobwino, kulirira mlongo wanga yekha, popanda china chondidya mumtima. Masiku atatu onse ndinali ndikulira ndi diso limodzi, lina lili pakona. Anaumba mtumbira, anazika mtanda wathabwa, tinaika nkhata za maluwa a m'mabwalo mwa anthu. Ba Mwansa anakhalabe pa sutikesi mpaka pemphero lomaliza, ndipo nditamuyang'ana ndinaona kuti nayenso masaya anyowa.

Pobwerera anthu ankayenda momasuka, m'timagulu, akukamba za mvula ya chaka chatha ndi mtengo wa feteleza. Mutu wanga unali wopepuka moti ndinkangoona ngati ndaiwala kanthu. Pakhomo tinasamba m'manja m'beseni lomwe linaikidwa panjira, kenako anthu anakhala m'magulu kudya. Nyemba zinakwanira, kabichi anatsalako. Azibambo a msinkhu wa Fabiano anazungulira Ba Mwansa, aliyense akufuna kumuuza holo yomwe anamuonera. Mmodzi, mkulu wa mpingo wolemekezeka, anaimirira kuonetsa momwe ankavinira, mkazi wake n'kumukoka malaya kuti akhale pansi. Amalume anatumiza mwendo wa nkhuku kwa wakuba wawo uja.

Dzuwa litapendeka thirakitala inanyamuka, lole inanyamuka, njinga zinayamba kutha pa mtengo wa mango. Ndinapeza Ba Mwansa akumangirira sutikesi pa kaliyala ndi malegeni. Ndinagwada kuti ndithokoze, koma anandiimitsa. Anandiuza kuti iye mwini alibe ngakhale tepi imodzi ya zomwe ankaimba. Zimbale anagulitsa, ng'oma anagulitsa, zithunzi zinadyedwa ndi chiswe. Anzake ambiri anapita. Anati nthawi zina akamalima amadzifunsa ngati zinachitikadi. Analonjeza kuti sutikesiyo adzaisunga yonse pamodzi, pamwamba, posafika chinyezi, ndipo ana a Fabiano akadzakula adzabwere kudzatenga chuma cha atate awo.

Kenako anachita chinthu chomwe chinandiwiritsa magazi. Anamasula lamba, anatsegula sutikesi, anayendetsa chala pa mizere ya matepi akuwerenga zolembedwa zofiira zija, n'kusolola imodzi. Anaitana mayi Wachibemba uja wosamalira mlamu wanga n'kumupatsa. Mayiyo anaibisa m'chitenje n'kulowa m'nyumba. Ndinati mumtima, taonani, njinga isananyamuke kugawa kwayamba kale. Ndinatsegula pakamwa, koma iye anali atakwera kale.

"Musanithokoze ine, mayo," anatero akupalasa. "Ine ninatumiwa chabe."

Madzulo nyumba inakhala chete. Mipando inali ikadali panja, mafuwa akufuka utsi wochepa, mabeseni atavundikiridwa pa thandala. Achibale otsala anali ochepa. Amalume ankawodzera pa mpando wa ndalema pafupi ndi chipika chija, ufa ukadali m'tsitsi. Ana anali atawatenga anansi kuti akasambe. Kutali ng'ombe zinkalira nthawi yokama. Ndinkasesa pabalaza pomwe mayi uja anatuluka kuchipinda n'kundiuza kuti alamu anu akukufunani.

Ndinalowa ndi tsache m'manja, mtima ukadali wowawa. Mlamu wanga anali atakhala pamphasa potsamira khoma, nsalu yakuda ataikankhira kumbuyo pang'ono. Kuwala kotsala kunkalowera pazenera. Pamiyendo pake panali tepi ija.

"Khalani pansi, alamu," anatero ndi mawu osasa. "Munanidutsa kawiri pakhomo apa m'mawa. Nkhope yanu ninaiona."

Ndinakhala. Anandiuza kuti chigamulo cha amalume anachimva dzulo ali kuchipinda komweko. Kulankhula sakanatha, kutuluka sakanatha. Choncho ananong'oneza mnansi wakeyo pomwe ankamupatsa phala, mnansiyo anatuma mwamuna wake pa njinga mpaka ku Kanakantapa, ndipo zonse zomwe ndinaona kumanda zinapangidwa pamphasa imeneyi. Ine ndikuthamanga uku ndi uku ngati nkhuku yofuna poikira, munthu wokhala chete anali atamaliza kale ntchito.

"Koma inu munkadana nawo matepi amenewa," ndinatero.

"Ninali kudana nayo, ndipo nikali kudana nayo. Yananidyera mafuta yophikira zaka na zaka. Koma kukwirira, iyayi."

Anandipatsa tepiyo. Ndinaipendeketsa pazenera kuti ndiwerenge. Panali dzina la holo ina ya ku Lusaka, ndipo pansi pake, m'malo mwa mayina a nyimbo, Fabiano analemba mawu awiri okha ndi bolopeni yofiira: Yowonongeka. Osafufuta.

Anati imeneyo ndi tepi yoipa kuposa onse m'sutikesi muja. Bandi imamveka patali ngati ili kuseri kwa phiri, chifukwa wojambula anachoka pa sipika n'kukaima pafupi ndi mtsikana wina wophunzira kutaipa, yemwe anabwera ndi anzake Loweruka masana. Kawailesi kali m'jekete, iye anaiwala kuti kakuzungulira. Mbali yonse yoyamba ndi Fabiano akukuwa m'khutu mwa mtsikanayo, mtsikanayo akumuyankha mwamwano.

Wailesi inali pomwepo pawindo, koma mabatire ake anali atapita m'matochi a okumba manda, ndipo ngakhale akanakhalapo, nyumba ya maliro siliza magitala tsiku loika. Mlamu wanga anati zilibe kanthu, amaidziwa pamtima. Anatsitsa mawu, n'kuyamba kumuyerekeza mwamuna wake, ndi kachibwibwi kake komwe ankachita akachita manyazi.

"Anati, ‘Ine nisewenza ku ng'ombe za mkaka.’ Ine ninati, ‘Namva kale fungo.’ Iye osabwerera m'mbuyo. Anati, ‘Ndiye mukanikwatira simuzasowa wothira mu tiyi.’"

Kuseka kunandithawa pakamwa ndisanakugwire. Nayenso kunamugwira. Tinatseka pakamwa ndi zitenje, mapewa akugwedezeka, kuopa kudzutsa amalume panja, azimayi awiri akuluakulu m'chipinda cha maliro. Tinaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itabwera sinafune kuleka. Ndinamugwira dzanja n'kumupepesa chifukwa cha zomwe ndinamuganizira. Anangogwedeza mutu.

Kunja kunayamba kuda. Anatenga tepi ija m'manja mwanga, anaikulunga pa ngodya ya nsalu yake yakuda, n'kumanga mfundo ziwiri. Anayang'ana chitseko, n'kulankhula osanditembenukira.

"Ndipo sananame, alamu. Shuga inasowa, sopo inasowa, mafuta yanasowa. Koma mkaka m'nyumba muno sunasowepo ngakhale tsiku limodzi."